Jipiesi ya a Bizaliele

Inu mwalimbana mokwanira pamoto pano, wina ati foni, wina ati jipiesi, ngati pali chimene mukudziwa. Tatsekani pakamwa pang'ono, anamfedwa m'nyumbamo apumeko phokoso lanu, ndikuuzeni za mwana wa a Bizaliele Namakhwa. Ameneyo ndiye anasankhadi pakati pa ziwirizo, osati zongokangana mutatambalala kuothera moto wa eni.

A Bizaliele anali dalaivala wa mathiraki a ku Joni ndi ku Beira, munthu wamtali, wouma pakamwa. Msana utayamba kuwavuta anasiya maulendo ataliatali, nagula kapikapu kawokawo kokhala ndi kanope kumbuyo, n'kumanyamula simenti ndi matabwa pakati pa Limbe ndi Bangwe. Pagalasi la kutsogolo anamatapo jipiesi yakale imene anabwera nayo ku Joni, kabokosi kakuda kokwana m'dzanja, kolankhula Chizungu ndi mawu a mzimayi. Iwo ankakatchula kuti Dona. Malemu akazi awo ankachita nsanje yeniyeni. "Ine ndikati khotani apa simumva," ankatero, "koma anene Donayo, mpaka zikomo mumathokoza!"

Kwawo kunali ku Phalombe, m'mudzi mwa Nakhombe, pafupi ndi phiri. Koma kumeneko sankapondako. Ana awo awiri, mtsikana Ndaziona ndi mlongo wake wamng'ono Dziwani, anabadwira m'tauni, kukulira m'tauni, kumudzi ankangokumva dzina. Ukawafunsa bambowo chifukwa chake, ankakuyankha za mtengo wa matayala. Mbale yekha amene anawo ankamudziwa anali azakhali awo, a Esinala, mlongo wa bambo awo, ndipo iwonso ankawadziwira pa foni basi.

Tsono a Bizaliele anagwa pabwalo m'mawa wina akutsuka galimoto, pofika nawo kuchipatala n'kuti atatsamira kale mkono. Madzulo ake a Esinala anamuimbira Ndaziona. Sanalire pa fonipo ayi, mawu okha anali owuma ngati munthu amene wayenda padzuwa.

"Ndaziona, mwana wa mlongo wanga, ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Bambo akowa ndinawaona komaliza alibe imvi ndi imodzi yomwe. Abwere kuno kwawo, ndidzawaone nkhope asanalowe m'nthaka. Ukandichitira chimenecho, china sindidzakupemphanso."

"Ndibwera nawo ndekha, azakhali," anatero Ndaziona. "Nkhope mudzaiona."

Ndipo ananenetsa kuti bambo ake sakwera galimoto ya hayala, apita pa pikapu yawo yomwe, iye mwini ali pa chiwongolero, poti anamuphunzitsa kuyendetsa ndi iwowo. Anthu a mpingo ndi oyandikana nawo nyumba anakwera lole. Anapangana kuti loleyo itsogole, chifukwa dalaivala wake ankakudziwa ku Nakhombe, pikapu izitsatira pambuyo. Pamochale, anyamata a kwaya atalowetsa bokosi mu kanope uku akubuula kulemera kwake, mkulu wina wa mpingo anayamba kuzungulirazungulira pikapuyo ngati nkhuku yofuna poikira. Anafunsa kuti kutsogoloko kulibe malo a munthu wamkulu? Dziwani anali atadzaza kale mpando wapakati ndi nkhata za maluwa kuti zingaphwanyike.

"Mukakhale bwino ku lole, bambo, kuli mpando wofewa," anatero mnyamatayo mwaulemu wake wa m'tauni. Mkulu uja anatembenuka, napita ku lole.

Mkangano unayamba asanatuluke n'komwe mu Limbe. M'pikapumo munali kabowo kamodzi kokha kolumikizira magetsi, kaja koyatsira fodya, ndipo mmenemo munali chingwe cha Dona. Batire ya Dona inafa kalekale, ukangozula chingwe nayenso ankathima pompo. Foni ya Dziwani nayo inali itatsala pang'ono kuthima, poti inagwira ntchito ya maliro usiku wonse, pamene ya Ndaziona inali m'chikwama chake ku lole.

"Achemwali, tazulani chidole cha madalachi, ndichaje foni."

"Chisiye."

"Mapu ake ndi a nthawi ya atsamunda awa! Foni imadziwa ngakhale mlatho umene wagwa dzulo."

"Foni yakoyo imadziwa zonse pamene pali netiweki. Tikangochoka pa tala isanduka kalilole, uzidziyang'anirapo ndevu."

"Nanga tikufuniranji zonsezi? Lole si iyo patsogolopo?"

Ndaziona anatambasula dzanja kuti atsitse mawu a Dona, chala n'kukhudza pena, ndipo pakagalasi kajipiesiko panatuluka liwu limodzi la zilembo zikuluzikulu, lolembedwa ndi bambo ake: KWATHU. Munthu amene sankatchula za kumudzi, amene ankasintha nkhani ukangoyamba, anali atakusunga kwawoko pagalasi pamaso pake zaka zonsezi. Misozi imene anaimeza pamochale inatsikira pamenepo. Anadina pa liwulo, Dona n'kuyamba kulondolera.

Pa tala ponse Dona ndi foni ankagwirizana ngati mitala yokondana. Koma atadutsa Chiradzulu kunagwa chiperoni. Inu a kuchigwa simuchidziwa chiperoni, mumangochimvera pa wailesi. Dzuwa linali lisanapendeke kwenikweni, koma kunja kunachita ngati wina wavundikira dziko ndi bulangeti lonyowa. Ndaziona anayatsa nyali, maso ali pa timagetsi tiwiri tofiira ta kumbuyo kwa lole. Anatitsatira, kutitsatira, mpaka atasiya tala n'kulowa msewu wa fumbi. Kenaka anaona kuti timagetsito sitikugwedezeka m'mabampu monga imachitira lole. Tinkangoyandama, tikuchepa, mpaka tinazimirira osakhota kumanja kapena kumanzere.

Anafika pamphambano. Dziwani anayang'ana pa foni nati kumanzere, kutsikira kuchidikha.

"Taonani, Nakhombe uyu apa. Sukulu iyi, tchalitchi ichi, dzina lalembedwa bwinobwino."

Dona anati kumanja, kukwera kuphiri. Pakagalasi kake panalibe sukulu, panalibe tchalitchi, ngakhale msewu panalibe. Panali kamzere kokha kodutsa poyera, kokathera pa liwu lija.

"Tawaimbira a ku lole," anatero Ndaziona.

Foni inalira kamodzi, n'kudula. Anayesanso, netiweki inali itapita, ndipo batire inali ikuphethira kofiira.

"Ndipatseni chingwecho, achemwali. Mapu ndawaona kale, ndi kumanzere."

"Iwe, foni yakoyo inabadwira ku Nakhombe? Apa analemba ndi bambo, ndi chala chawo. Ukufuna undiuze kuti munthu angasokere kwawo?"

"Komatu palibe msewu pamenepo."

"Dona wawafikitsa bambo ku Joni kangati? Lero ndiye alephere kuwafikitsa kwa mayi awo?"

Tsono chimene chimandipsetsa mtima ine n'chakuti pamphambano pomwepo panali kagolosale, ndipo pakhonde pake panakhala mayi wogulitsa tomato atadzifunditsa pepala la pulasitiki. Kungotsitsa galasi n'kuti, "Zikomo mayi, kwa Nakhombe n'kuti?" ikanatha nkhani. Koma ana a sukulu, mmodzi wagwira nzeru za m'manja, wina nzeru za pagalasi, afunsenso wa tomato? Safunsa anadya phula. Ndaziona anakhotera kumanja, ndipo foni inathima asanapite patali.

Poyamba msewuwo unawadabwitsa ndi ubwino wake. Unali wosalala, wopanda mabampu, wopanda ngakhale mkwasa wa tayala la njinga. Pikapu imene inkatsokomola pa chitunda chilichonse cha ku Bangwe inakwera phirilo mwakachetechete ngati ikukokedwa ndi chingwe. M'mbali munali mitengo ya mango ikuluikulu, yakale, mizere iwiri, ya mtundu uja umasonyeza kuti pano pamakhala anthu.

"Waona?" anatero Ndaziona. Dziwani anali akuyang'ana pagalasi la kutsogolo.

"Achemwali, mawaipawa akupukuta chiyani?"

Timadontho timene tinkagwa pagalasipo sitinali toyera monga ta chifunga. Tinali tofiirira, ndipo mawaipa akadutsa ankasiya mizere ya dothi. Ndaziona anati mwina ndi fumbi la padenga likusungunuka. Kenaka anamva madzi. Sanali a mvula ayi, unali mkokomo wa mtsinje wodzaza, wakutali koma waukulu, wosakanikirana ndi kugunda kwa miyala ikamagubuduzika pansi pa madzi. Anayang'ana uku ndi uku, mlatho panalibe, khwawa panalibe. Mkokomowo sunkayandikira, sunkatalikira, unkangoyenda nawo.

Dona nayenso anasintha. Chizungu chinali chomwecho, koma anatsitsa mawu. Sankalamulanso monga mwa masiku onse. Ankanena mofatsa, pang'onopang'ono, ndipo Ndaziona anayamba kumva ngati mawuwo sakulankhula ndi iye, akudutsa paphewa pake kupita kumbuyo.

Munthu woyamba kukumana naye anali bambo wa khasu paphewa, ataima m'mbali mwa msewu. Chipewa anali atavula kale, atachigwira pachifuwa, galimoto isanatuluke n'komwe m'chifungamo. Ndaziona anaima, natsitsa galasi. M'galimoto munalowa fungo la dothi lofukulidwa kumene.

"Zikomo bambo, kwa Nakhombe ndi konkuno?"

Bamboyo sanamuyang'ane iye, anayang'ana ku kanope. Zovala zake zinali matope okhaokha, osati a m'miyendo monga munthu wochokera kudimba, koma mpaka m'khosi, mpaka m'makutu.

"Ndi a Bizi amenewo?" Mawu ake ankatuluka movutikira ngati ali ndi mchenga m'kamwa. "Pitani nawoni. Anthu akhala akudikira."

Atayenda pang'ono, Dziwani anati, "Bizi ndi ndani?"

"Bizaliele. Ndi mmene ankawatchulira ali mwana, kapena."

"Achemwali, tiyeni tibwerere."

"Wamva wekha kuti ndi konkuno."

"Ndamva, koma tibwerere. Lole yadutsa pati? Mwaona tayala la lole mumsewu muno?"

Mnyamatayo sanadikire yankho. Anagwira chingwe cha Dona n'kuchizula, nalumikiza foni yake. Foniyo inangokhala chete, yakuda bii, ngati mwala. Koma Dona, amene moyo wake wonse ankathima chingwe chikangogwedezeka, anakhalabe woyaka. Chingwe chake chinali lende pa bondo la Dziwani, iye akunena mofatsa kuti pitirirani kutsogolo.

Apa ndiye Ndaziona anachita mantha enieni. Anaponda buleki, nalowetsa giya ya kumbuyo. Galimoto isanasunthe, kumbuyo kunamveka kugogoda. Sikunali kugunda kwa bokosi likatsetsereka ayi. Kunali kugogoda kwa chala pathabwa, kofatsa, komwe bambo awo ankagogoda padenga la pikapu akamauza wothandiza kuti basi, katundu wakwana, tiyeni. Ana awiriwo sanayang'anane. Ndaziona anachotsa giya ya kumbuyo, nalowetsa ya kutsogolo, ndipo kugogodako kunaleka.

Kutsogoloko anayamba kupitirira anthu. Amayi osenza nkhuni, amayi a madengu, abambo okankha njinga zakale zakuda, ana ogwirana manja, onse kulowera kumodzi. Ankapatuka osacheuka, galimoto ikadutsa n'kubwereranso mumsewu kuitsatira. Onse anali amatope. Ndaziona anadziuza kuti ndi anthu a kuphiri, kwagwa mvula, nanga akasambe kuti? Munthu ukachita mantha umadzinamiza bwino kuposa wa malonda.

Mitengo ya mango inathera pabwalo lalikulu losesedwa bwino. Dona ananena m'Chizungu chake kuti mwafika. Ndipo Ndaziona amalumbira mpaka lero kuti atatha mawuwo Dona anapuma, phuu, monga amachitira munthu akatula mtolo wolemera, kenaka kagalasi kake kanathima.

Mudziwo unali wa nyumba za udzu zokhazokha, lata panalibe ndi limodzi lomwe. Lole panalibe. Galu sanauwe, nkhuku sinathawe. Pakati pa bwalo panaunjikidwa zikuni zambiri monga zimakhalira pamaliro, abambo atakhala mozungulira, manja atatambasula kuothera, koma moto panalibe. Ndaziona atangozimitsa injini, amayi anayamba kulira. Abale anga, kulira kumeneko! Sikunali kwa ganyu kumene timakumva masiku ano, kolira diso lili pa mphika. Kunali kulira kochokera pansi, kwa anthu amene akusunga nthawi yaitali, ndipo Ndaziona anakumva m'mapazi kusanafike m'makutu. Mantha aja anasungunuka, nayenso analira, mtima ukuti bambo anga ankakondedwa chonchi kwawo, ife osadziwa.

Abambo angapo anatsegula kanope, natulutsa bokosi. Bokosi lija linawabuulitsa anyamata a kwaya iwo analinyamula ngati lichero. Akupita nalo kunyumba ya siwa, pakhomo panatuluka mayi wachikulire, wamfupi, mpango wake wolemera ndi matope. Anaika chikhatho pabokosipo, onyamula n'kuima.

"Bizi," anatero. "Wabwera? Unachedwa kuti, mwana iwe?"

Analankhulanso zina m'Chilomwe, zimene ana a m'tauni aja sanamve. Bokosi litalowa, Ndaziona anagwada, poti mwambo umenewo wokha ankaudziwa.

"Ndife ana awo, agogo. Ine Ndaziona, uyu Dziwani."

"Ndakuonani." Mayiyo anamugwira pamphumi, dzanja lozizira, lonyowa. "Iwe mphumi uwu ndi wanga."

"Nanga azakhali a Esinala ali kuti? Ndinawalonjeza kuti aona nkhope."

Nkhope ya mayiyo inachita makwinya a munthu wotopa ndi mwana wosamva.

"Esinala ndamutuma kuchigayo m'mamawa. Mpaka pano sanabwere ndi ufa. Anthu onsewa adya chiyani? Inu muli ndi galimoto, tatsikani mukamuuze afulumire."

M'nyumbamo munamveka kulira kwa zomangira za chivundikiro cha bokosi zikumasulidwa, kenaka maliro anakwera mpaka udzu wa padenga kunjenjemera. Ndaziona anadzuka kuti alowe, akhale pafupi ndi bambo ake monga mwana wamkazi. Mayi uja anatchinga khomo ndi mkono, maso ali pansi, pa nsapato za mtsikanayo.

"Mapazi ako ngouma, mwananga. Muno simulowa ouma. Pita."

Dziwani anali kale m'galimoto, chitseko atakhoma. Ndaziona anakwera, naliza injini, mtima uli pa azakhali ake, kuti mwina lole yawapeza kuchigayoko, abwerere nawo limodzi.

Kutsika kwake ndiye kunali kwina. Msewu wosalala uja sanauonenso. Pansi pa galimoto pankagunda miyala, zitsamba zikukwapula m'magalasi, matayala akulowa m'maenje mpaka pikapu kupendekeka ngati igwa. Mitengo ya mango inalipo, koma yowuma, ina yogwa, ina yothyoka pakati. Anthu aja panjira panalibe. Mkokomo wa madzi unali utaleka, ndipo chete wakeyo anali woopsa kuposa mkokomowo. Pofika pamphambano kunali kutada, golosale atatseka. Chifunga chinayamba kung'ambika, ndipo kumunsi, kumanzere kuja inkanena foni, anaona moto waukulu ndi malata akunyezimira.

Anaipeza lole itaima pansi pa mtengo. Anamva kwaya ya ku Bangwe ikuimba nyimbo zodziwika. Anthu anathamangira galimoto, amayi akuyamba maliro, ndipo patsogolo pa onse panali mayi wamtali wa imvi, wotsimphina, nkhope ngati ya a Bizaliele. Ndaziona sanachite kufunsa kuti ndi ndani.

"Mwafika, ana anga, mwafika! Tinayesa mwachita ngozi." A Esinala sanadikire adzukulu oika maliro, anatsegula okha kanope. Anasuzumira, nakhala chisuzumire. Mkatimo munali matope okhaokha, ofewa, akudontha pansi.

"Ali kuti mlongo wanga?"

"Tawasiya kumudzi, azakhali. Kumtundaku. Ife timayesa inu muli kuchigayo."

"Kuchigayo?"

"Eya. Agogo ena aafupi atituma, ati anakutumani m'mamawa, ndiye mufulumire ndi ufa, anthu alibe chakudya."

Kwaya inaleka pakati pa nyimbo. A Esinala anatsetsereka ndi chitseko cha kanope mpaka kukhala pansi m'matope aja, miyendo tambalale. Sanakomoke, sanalire. Anangoti, "Mayo, amayi," ndi mawu a kamtsikana.

Atayamba kulankhula sanamuyang'ane Ndaziona. Anati Nakhombe weniweni anali kumtundako. Iwo ali namwali, m'mawa wina wa mvula, mayi awo anawasenzetsa dengu la chimanga kuti atsikire kuchigayo. Ali pamzere kuchigayoko, phiri linaphulika. Napolo anadutsa pamudzi ndi madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba, ndipo pofika masana panalibe mudzi. Bizaliele anali ku Limbe kofuna ntchito. Anabwera, anakumba ndi manja mpaka zikhadabo kuzuka, osapeza ngakhale nsanza yoti aike m'manda. Anachoka osatsanzika, ndipo sanabwererenso. Otsala ochepa aja anamanga kuchidikha, dzina la mudzi n'kutsika nalo.

Kenaka anatembenuka.

"M'galimotomo munali wamkulu ndani?"

"Tinalimo awiri, azakhali."

"Nanga amawauza njira ndani?"

Ndaziona sanamvetse funsolo. Mkulu wa mpingo uja, amene Dziwani anamukankhira ku lole, ndi amene anamasulira, maso ali pansi. Anati maliro sanyamulidwa ngati thumba la simenti. Pamakhala munthu wamkulu pafupi, wowauza malemu pamene afika. Tanyamuka tsopano. Tikuwoloka mtsinje wakuti. Pano ndi pamphambano, tikukhotera kumanzere, poti mudzi unasamuka, kwanu tsopano ndi kumunsi. Womwalira amamva, ndipo amatsata mawu amene akumuuza njira.

"Ife sitinalankhule nawo," anatero Dziwani. "Njira yonse amalankhula ndi Dona."

Palibe anawakalipira ana aja, ndipo Ndaziona akuti bola akanamumenya.

Kutacha, adzukulu ndi abambo a m'mudzi anakwera phiri, Ndaziona ali nawo, a Esinala akutsimphina pambuyo atakana kutsala. Msewu kunalibe. Kunali chigwembe cha miyala ikuluikulu yomera ndere, mitengo itamera m'mipata yake. Koma matayala a pikapu ankaoneka, apa padothi, apo pamwamba pa mwala, kudutsa malo oti ngakhale mbuzi imayamba yaganiza. Anawatsata mpaka anathera pa thanthwe lalikulu lafulati. Pamenepo panalibe nyumba, panalibe zikuni, panalibe bokosi. Panali zomangira za chivundikiro zokha, zonyezimira, zitaikidwa bwinobwino pamodzi monga amaikira munthu wosamala zinthu za eni. Adzukulu anafufuza m'mapanga ndi m'mipata mpaka dzuwa kufika pamutu. Wamkulu wawo anavula chipewa, nati tiyeni tizipita, pano tikuwasokoneza.

Kumanda dzenje linali litagona kale usiku umodzi lili kukamwa, ndipo dzenje lotere silisiyidwa, limaitana wina. Anadula thunthu la nthochi, nalikulunga m'nsalu yoyera, nalitsitsira mmenemo. Abusa anawerenga mawu mofulumira. Ndaziona anaponya dothi pa nthochi, nkhata zija anaziika pa nthochi, manyazi ndi chisoni zikumudya.

Anthu atabalalika, a Esinala anamuitanira kuseri kwa nkhokwe. Anakhala pansi onse awiri. Ndaziona anayamba kupepesa, koma azakhaliwo anamugwira bondo.

"Leka. Tandiuza, amayi amaoneka bwanji? Anenepa, aonda?"

"Ndi aafupi, azakhali. Amphamvu ndithu. Anati mphumi wangawu ndi wawo."

A Esinala anamuyang'ana pamphumipo nthawi yaitali.

"Sananame. Nanga mlongo wanga anamulira?"

"Anawalira. Sindinamvepo kulira kotero."

"Nkhope anaiona?"

"Ndinamva akutsegula."

"Ndiye onse aiona," anatero a Esinala. "Mudzi wonse waiona, kupatula ine wa kuchigayo."

Ndaziona analira ngati mwana. Azakhali ake anamusiya alire mpaka atatopa, kenaka anamupukuta ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Ndinati sindidzakupemphanso kanthu, koma ndabweza mawu. Tsiku langa likadzafika, asadzandikumbire dzenje pano. Udzandinyamule iwe, pa galimoto yomweyi, ndi dengu la ufa pambali panga. Pamphambano paja udzakhotere kumanja, ndipo uzidzandiuza njira mokweza, ndi pakamwa pako."

"Azakhali, kumene kuja kulibe kanthu. Mwaona nokha, ndi miyala yokhayokha."

"Kumiyala aliyense amafikako, ngakhale ine ndafikako lero. Ine ndikunena kumudzi. Kumeneko wamoyo amene anafikitsako galimoto ndiwe."

Ndaziona anafuna kukana. Anafuna kunena kuti galimotoyo aigulitsa, kuti ku Phalombe sadzapondakonso, kuti iye ndi wa mpingo. Koma a Esinala anali akumuyang'ana ndi maso a bambo ake, akudikira, ndipo anangomva pakamwa pake patuluka mawu.

"Chabwino, azakhali. Ndidzakufikitsani."